Chipewa cha Bambo Munsi

Nkhani iyi ndakhala ndikuithawa zaka zambiri. Wina akaiyamba pa bawo, ine ndimanyamuka ngati ndaiwala njinga penapake. Koma poti aliyense kuno ku Wimbe akuifotokoza mmene akufunira, ena mpaka kuikamo zoti ndinakomoka n'kundithira madzi, bola ndiinene ndekha mwini manyazi. Kukomoka sindinakomoke. Zinazo n'zoona, ndipo zimandiwawabe mpaka lero.

Poyamba mundidziwe. Ine ndine Mbewe, ndipo pa nkhani yosankha fodya sindifunsa munthu. Ndinakulira m'chigafa. Tsamba ndikangoliona kamodzi ndadziwa kale kuti ili ndi chikopa, ili ndi lapakati, ili n'lakudzala. Belo langa likapita ku okushoni silibwerera. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo malemu bambo anga anandiphunzitsa ndi makofi: m'ndindi imodzi, kamtolo ka fodya komangidwa pamodzi kaja, masamba azifanana, kutalika kumodzi, mtundu umodzi. Tsamba losiyana ndi anzake ndi mdani, limagwetsa mtengo wa belo lonse.

Lamulo limeneli ndi limene linafolera nyumba yanga ndi malata. Ndiye munthu angandiuze chiyani?

Chinali chaka china m'zaka zija za makuponi a feteleza wotsika mtengo. Mayina atatuluka, langa panalibe. Nditakafunsa anati kompyuta ndiyo yandidumpha. Kompyuta yake iti? Inandionera kuti ine kuti izindida? Apo n'kuti uli mwezi wa Novembala, nazale yabiriwira, mizere ndaunda munda wonse, mitambo yayamba kusonkhana, koma m'nyumba mulibe feteleza ngakhale wodzaza kachitsekerero ka botolo. Wa m'sitolo mtengo wake unali woti ukafunsa umangoti zikomo n'kutuluka.

Amene anandimvera chisoni ndi aneba anga a Chimbalanga. Iwo anabwera kalekale kuchokera ku Mulanje kudzagwira utenanti pa esiteti, kenako anakhazikika kwathu kuno. Kuponi anaipeza, ndipo monga zinkakhalira masiku amenewo, wopeza ankagawana thumba ndi womanidwa.

"A Mbewe, musaonde ndi maganizo," anatero. "Thumba likabwera tigawana pakati."

Theka la thumba pa munda wonse uja! Komabe ndinathokoza ndi manja awiri.

Tsono mkazi wanga Naphiri amagulitsa kaunjika pa tsiku la msika. Sabata yomweyo anamasula belo pakhonde, n'kupezamo kachikwama ka mwana wasukulu. M'katimo munali kabokosi, ndipo m'kabokosimo munali makhadi. Kukula kwake ngati a juga, koma lililonse lili ndi chithunzi cha mwamuna wovala zangati mapijama, chipewa kumutu, paphewa atanyamula chimtengo chonga munsi. Kumbuyo kwake timanambala ting'onoting'ono tovuta kuwerenga.

Ena anali a anthu osiyanasiyana, koma makumi awiri anali a munthu mmodzimodzi: nkhope yomweyo, chipewa cha buluu chomwecho, tsinya lomwelo ngati nayenso wamanidwa kuponi. Tinamutcha Bambo Munsi.

Ndiye panali limodzi lapalokha. Ilo linali m'kagalasi kolimba ka pulasitiki, komangidwa ndi timasikuluwu tinayi. Munthu yemweyo, mapijama omwewo, munsi womwewo. Koma chipewa alibe, mutu uli poyera, ndipo akuseka mano onse panja.

Loweruka kunabwera alamu anga a Fanuwelo, achimwene ake a Naphiri, amene amayendetsa galimoto ya bwana wina ku Lilongwe. Makhadiwo anawaseka, anawajambula ndi foni yawo, n'kumapita. Lachiwiri foni yanga inalira. Ndinathamangira pachulu cha kuseri kwa khola, poti netiweki kwathu imapezeka pamenepo basi.

"Alamu! Makhadi aja alipo?"

"Alipo. Mlongo wanu akufuna kukagawira ana a Sande sukulu."

"Asayerekeze! Bwana wanga a Gondwe ataona chithunzi chija anatsala pang'ono kugwa pampando. Akuti ndi a masewera ena a ku Amereka otchedwa besibo. Iwo anakhalako zaka zambiri kumeneko, ndiye amatolera makhadi amenewa mmene ena amawetera nkhunda. Tikubwera Loweruka."

"Agula?"

"Akuti ngati zili mmene akuganizira, feteleza wa munda wonse mwapeza. Wa fodya, wa chimanga yemwe."

Ndinagwira kachitsamba kuti ndisagubuduke pachulupo.

"Mtengo ndi umodzi onsewo?"

"Ayi, akuti amasiyana, ena apamwamba, ena wamba. Adzaona okha. Koma alamu, ndimakudziwani inu. Musawagwire. Musawakonze. Ingowaikani m'sutikesi n'kutseka. Mwandimva?"

"Ndamva."

Ndikanafuna ndikananama kuti netiweki inadula. Sinadule. Ndinamva mawu onse, limodzi ndi limodzi. Koma tandiuzani inu, dalaivala amadziwa chiyani za kugulitsa katundu? Iye ntchito yake ndi hutala. Mlimi aliyense amadziwa kuti wogula akapeza katundu wosasankha amaseka chamumtima, n'kukupatsa mtengo wa tsamba loipitsitsa pa mulu wonse. Ine, Mbewe, ndikaike zinthu zosakanikirana pamaso pa bwana wobwera ku Amereka? Ndikatero malemu bambo anga angatembenuke m'manda.

Ndisanayambe ntchito ndinadutsa kwa a Chimbalanga, manja m'thumba.

"Aneba, theka lanu lija mupatseni wina wovutika."

"Aa! Kuponi yatuluka kodi?"

"Za makuponi ndinasiya ine. Pano ndili pa ekisipoti."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nkhwaira zanga zong'ambikazo. "Mwatsimikiza, a Mbewe? Chifukwa alamu anga akhala akundilirira."

"Apatseni lero lomwe. Koma Loweruka mundibwereke ngolo, pali katundu wolemera wokatenga ku sitolo."

Theka lija analonjeza kwa alamu awo dzuwa lisanalowe. Ine ndinapitirira pa bawo, kumene ndinauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe.

Lachinayi m'mawa ndinasesa m'chigafa, n'kuika tebulo pamene pamalowa kuwala kwabwino, monga ndimachitira nyengo yosankha. Ndinasamba m'manja ndi sopo. Makhadi a anthu osiyanasiyana aja ndinawaika pambali, giredi yotsika. Kenako ndinandanda Bambo Munsi makumi awiri aja m'mizere. Anthu inu, kukongola! Mtundu umodzi, nkhope imodzi, tsinya limodzi. Mtima wanga unati myaa.

Koma diso langa silinama. Ena anali opindika pang'ono m'makona. Amenewo ndinawaika pakati pa matabwa awiri, n'kuwatsindira pa jeke wodindira mabelo mpaka matabwa analira. Anatuluka ali see. Ena mzere woyera wa m'mbali unali waukulu mbali imodzi, waung'ono mbali inayo. Ulesi wa ku fakitale umenewo! Ndinatenga lezala latsopano ndi rula, n'kuwadula onse kuti alingane. Limodzi ndinalidula mopitirira, ndiye ndinayenera kubwereza onse kuti afanane ndi ilolo.

Naphiri anabwera ndi thobwa, n'kuima pakhomo la chigafa.

"Bambo a Tadala, achimwene aja anati chiyani?"

"Anati tisunge bwino."

"Kusunga kwake ndi lezala?"

"Inu a Naphiri, ine ndimakufunsani mmene mumapindira madiresi anu? Ikani thobwalo apo."

Anaika, koma sanachoke. Maso ake anali pa lija la m'kagalasi, limene ndinali nditalikankhira kumapeto kwa tebulo.

"Nanga woseka uyu?"

"Rijekiti."

"Ine ndiye amene amandisangalatsa. Enawa onse angokwiya."

"Ndi chifukwa chake simunagulitsepo fodya! Wogula safuna chosangalatsa, amafuna chofanana. Taonani, anzake onse avala chipewa, iye yekha mutu poyera. Anzake ali pa ntchito, iye akuseka. Ameneyu bwana akangomuona, mtengo wa onsewa wagwa."

"Nanga n'chifukwa chiyani anamutsekera m'galasi?"

"N'zoonekeratu! Anamupatula kuti asaononge anzake. Ife tsamba lachuku timalisiya pamodzi ndi labwino?"

"Chinthu chotaya amachimangira masikuluwu anayi?"

"Azungu zawo n'zotero, ngakhale zinyalala amazikulunga bwino. Nanga kaunjika wanuyu amabwera bwanji?"

Anapukusa mutu. "Msiyeni m'galasi mwakemo. Bwana akamukana, ndidzamupachika pabalaza."

Mukuona? Mulungu ananditumizira chenjezo kawiri, koyamba pa foni, kachiwiri ndi thobwa. Koma ine makutu anali atadzaza ukatswiri.

Ndinakhala pansi n'kuganiza. Kumubisa sikukanatheka, poti pa chithunzi cha alamu chija anaonekamo, ndipo bwana akanafunsa. Kumuonetsa mmene analili kunali kudzipha ndekha. Ndiye ndinamuyang'anitsitsa, n'kuona kuti vuto lake silinali lalikulu. Thupi labwinobwino, munsi wabwinobwino. Chosowa chinali chipewa basi. Nanga chipewa n'chinthu chovuta?

Ndinapalasa njinga mpaka pa tiredingi senta kukagula bolopeni. Ndinatenga khadi limodzi la Bambo Munsi wachipewa kuti ndikafanizire mtundu. Mwini golosale ndinamuvutitsa, ndinayesa mabolopeni asanu pa katoni ya sopo.

"Akulu, mukugula kapena mukulemba mayeso?"

"Ndikufuna buluu weniweni, osati wamanyazi uyu."

Nditabwerera ndinalimbana ndi kagalasi kaja. Masikuluwu atatu anamasuka ndi nsonga ya mpeni. Lachinayi linakana. Ndinalinyengerera, ndinalitukwana, kenako ndinalimenya ndi chitsulo cha jeke. Kagalasiko kanati phwaa! Bambo Munsi woseka anatuluka wamoyo, wosalala, wonyezimira ngati wapangidwa dzulo.

Ndinaluma lilime n'kuyamba kujambula.

Chipewa choyamba chinachepa, chinkaoneka ngati kachisoti ka mwana wakhanda. Ndinachikuza. Chinapendekera kumanzere. Ndinaonjezera kumanja kuti chilingane, n'kupendekera kumanja. Inki inkaterera pa pepala losalala lija, ndiye ndinkadinikiza mwamphamvu, kubwereza pomwepo kasanu, kakhumi. Pomaliza chipewa chinali chitaphimba khutu limodzi ndi nsidze zonse, koma chinali chipewa.

Anatsala mano aja. Munthu wovala chipewa cha ntchito sangamaseke chotero. Ndinalemba kamzere kuti nditseke pakamwa. Kamzereko kanasanduka ndevu zapamlomo. Ndinati zili bwino, mwamuna amamera ndevu nthawi ina iliyonse.

Nditamuika patali pang'ono n'kutsinzina diso limodzi, anali ngati anzake ndithu. Ndinamulowetsa pakati penipeni pa makumi awiri aja, n'kumanga onse pamodzi ndi ulusi wosokera mabelo, ndindi imodzi yothina bwino.

Naphiri anali atabweranso kudzatenga kapu.

"Mwamuika pakati?"

"Ee."

"Si zomwe mumatukwanira anzanu zimenezo? Kubisa fodya woipa pakati pa belo? Nesitingi ija?"

"Nesitingi ndi kubisa choipa. Ine ndabisa chokonza!"

"Chabwino, akatswiri," anatero, n'kutuluka. Liwu loti akatswiri analikoka kwambiri, koma ndinalilandira ngati ulemu.

Loweruka linafika. Chifukwa cha pakamwa panga pa bawo paja, anthu anayamba kusonkhana tisanamwe ndi tiyi yemwe. Amuna pansi pa mtengo wa mango, amayi m'mbali mwa nkhokwe, ena atabwera ndi mipando yawo. A Chimbalanga anafika ndi ngolo, ng'ombe ziwiri zomangidwa kale, n'kuiimika pakati pa bwalo. Ine ndinavala jekete la ukwati, dzuwa la Novembala likuswa mtengo, thukuta likuyenderera mpaka m'masokosi.

Galimoto yoyera inatulukira fumbi lili kobo. Alamu anatsika n'kutsegulira bwana. A Gondwe anali munthu wamtali, wa imvi, wa magalasi, waulemu wake. Kwawo ndi chakumpoto kwa boma lathu lino, kumene amasakaniza ndi Chitumbuka. Anapereka moni kwa aliyense, koma ndinaona kuti mtima wawo suli pa moni. Maso awo anali pakhomo la nyumba.

Alamu anandikokera pambali.

"Ngoloyi ndi ya chiyani?"

"Ya feteleza."

"Makhadi aja ali m'sutikesi?"

"Ali pabwino kuposa m'sutikesi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Alamu, mwatani?"

"Dikirani muone ntchito."

Tinaika tebulo pakhonde, Naphiri anayalapo nsalu yoyera. A Gondwe anakhala pansi, anatulutsa magolovesi oyera a nsalu n'kuvala, kenako kagalasi kokuzira zinthu. Anthu anati, "Eee!" Ine ndinalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndindi yanga pa mbale yagalasi ya alendo. Ndinaiika patsogolo pawo n'kubwerera m'mbuyo sitepe imodzi, manja kumbuyo, mmene ndimaimira pa okushoni.

A Gondwe anaiyang'ana. Ulusi uja unali utalowa m'mbali mwa makhadi.

"Wamanga chonchi ndani?"

"Ineyo bwana. Ndindi imeneyo."

Anamasula pang'onopang'ono. Ananyamula lapamwamba, n'kuliyang'ana m'mbali ndi kagalasi kawo.

"Awa adulidwa?"

"Kulinganiza, bwana. Anabwera osalingana."

"Nanga aphwatalala chonchi bwanji?"

"Jeke, bwana."

Alamu anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kutembenukira kukhoma. A Gondwe anapuma mozama, kenako anamwetulira mwaulemu.

"Palibe kanthu, a Mbewe. Awa ndi wamba. Amawasindikiza miyandamiyanda, ana kumeneko amawamangirira ku masipoko a njinga kuti azilira. Ine ndadzera lija la m'kagalasi. Lili kuti?"

Mawu oti wamba anandibaya, koma ndinati ndi machenjera a wogula, onse amayamba ndi kunyoza katundu. Ndinakonza jekete.

"Musadandaule bwana, vuto lija ndinathana nalo."

"Vuto?"

"Pitirizani kuvundukula. Ngati mungamuzindikire, ndiye kuti muli ndi diso."

Anavundukula. Limodzi, lachiwiri, lachitatu. Anthu anayandikira. Pofika pakati dzanja lawo linaima. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Anaika kagalasi kokuzira paja. Anaweramira pafupi.

A Gondwe Chichewa chinawathawa, kunatuluka Chitumbuka.

"Chiuta wane! Ninjani wachita ichi?"

Ine ndinaganiza kuti ndi kudabwa kwa munthu woona luso. Ndinayang'ana anthu onse aja kuti amve bwino.

"Ineyo bwana! Ndekha! Ndipo za zojambula sindinaphunzireko kusukulu!"

"Yayi, yayi, yayi, yayi!" Anaimirira, anayenda mpaka pa ngolo, anabwerera, anakhalanso pansi. "A Mbewe, mukudziwa chimene chinali m'nyumba mwanu?"

"Rijekiti, bwana. Analibe chipewa."

"Kusowa chipewako ndiye chuma chakecho!"

"Pepani, mwati?"

Anafotokoza pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala. Akuti fakitale ikamasindikiza khadi la wosewera, imasindikiza chithunzi chimodzi chambirimbiri. Koma mwadala imasakanizamo ochepa kwambiri a chithunzi china, munthu yemweyo, nambala yomweyo kumbuyo, kungosiyana kaimidwe kapena chovala. Ukhoza kutsegula mapaketi moyo wako wonse osalipeza. Otolera makhadi amasakasaka amenewo, amayerekeza chithunzi ndi chithunzi, amayang'ana timalemba ta kumbuyo ndi kagalasi kuti atsimikize.

"Ili ndalifuna zaka khumi ndi zisanu," anatero. "Ndinaliona kamodzi kokha, m'sitolo ina, litatsekeredwa m'kabati. Sanandilole ngakhale kuligwira. Ndiye ndilipeze kwathu konkuno, m'belo la kaunjika, lili bwinobwino m'kagalasi kake, munthu n'kuliveka chipewa!"

"Ndi ndevu," anaonjezera a Chimbalanga, atasuzumira paphewa pawo.

Pamenepo ndiye anthu anaphulika. Amayi ena anagwirana mapewa, mkulu wina anagwa ndi mpando wake womwe. Ine magazi anakwera kumutu.

"Dikirani kaye!" ndinakuwa. "Malonda ake ati amenewo? Chinthu cholakwika ndiye chodula? Makumi awiri ofanana bwinobwino alibe ntchito, koma mmodzi wosamvera malamulo ndiye mfumu? Dziko lake liti limenelo? Kodi kumeneko fodya amagula bwanji?"

"Si fodya uyu, a Mbewe."

"Nanga bwanji simunanene kuti mukufuna wopanda chipewayo?"

"Inu ndinu mlimi," anatero a Gondwe motopa. "Munaonapo wogula akunena chimene wachikonda asanafike pa katundu?"

Ndinatembenukira kwa alamu. "Inuyo ndiye mukanandiuza!"

"Ndinati musawagwire!"

"Simunanene chifukwa!"

"Ndinati musawakonze! Ndinati m'sutikesi! Ndikanabwera kudzakumangani manja?"

Ndinayang'ana kwa Naphiri kuti mwina andithandiza. Iye anali atakhala pamphasa, akuyang'ana zikhadabo zake mwachidwi ngati waziona koyamba. Sananene kuti paja ndinakuuzani. Bola akananena, chifukwa kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa mawu.

Kenako ndinaona ngolo ija, ndipo ukali wonse unathera pomwepo. Munda wonse uja. Nazale ija. Theka la thumba limene ndinalitaya ndi pakamwa panga. Ndinakhala pa sitepe ya khonde.

"Bwana," ndinafunsa ndi mawu aang'ono, "likanakhala losakhudza, bwenzi zili bwanji?"

Anayang'ana ngolo. "Ng'ombezi zikanayenda kawiri."

Wina kumbuyo anaimba mluzu wautali.

A Gondwe anali munthu wachifundo, zimenezo sindingawanamizire. Anaona mmene nkhope yanga inagwera. Anatenganso kagalasi kawo, n'kuliyang'ana khadi lija kutsogolo ndi kumbuyo nthawi yaitali.

"Tamverani. Kugulitsa silingagulitsikenso. Koma kumbuyoku kuli bwino, ndipo nkhope ikuonekabe pansi pa inkiyi. Ine ndikhoza kulisunga, ndizidzaonetsa anzanga kuti linapezeka ku Kasungu. Ndikugulirani thumba limodzi."

Thumba lathunthu! Kuposa theka la a Chimbalanga lija! Munthu wanzeru akanagwada n'kuomba m'manja. Naphiri anali atayamba kale kunena kuti zikomo.

Koma ine mutu wanga unagwira ntchito mwachangu, mmene umagwirira nthawi zonse pamene suyenera kutero. Ndinati, ngati ndi inki thumba ndi limodzi, ndipo popanda inki ndi ngolo ziwiri, ndiye kuti vuto ndi inki basi. Nanga inki n'chinthu chovuta?

"Bwana, musavutike. Ndichotsa pompano."

"Mwati chi..."

Ndinali nditalitsomphola kale m'magolovesi mwawo. Ndinanyambita chala chachikulu.

"Alamu, ayi!"

"Bambo a Tadala!"

"Lekani! Lekani, adada!"

Ndinafikisa kamodzi. Buluu anayenderera mpaka pakhosi. Ndinati zayamba kutheka. Ndinaonjezera malovu, n'kufikisa kachiwiri ndi mphamvu zonse za munthu wolima ndi khasu. Koma paja pojambula ndinali nditadinikiza kakhumi, pepala linali litatheratu pamenepo. Ndinangomva kanthu kakufumbutuka pansi pa chala.

Ndinachotsa chala.

Chipewa chinachoka ndithu, chonse, osatsala ngakhale kadontho. Koma chinachoka ndi mutu womwe. Panatsala mapijama, munsi paphewa, ndi khosi lothera pa kachigamba koyera. Nkhope ya Bambo Munsi inali pa chala changa, itakulungika ngati kanyenyeswa.

Palibe anaseka. Zinapitirira poseketsa.

A Gondwe anavula magolovesi awo chala chimodzichimodzi, anawapinda, n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Thumba lija," anatero mofatsa, "lapita ndi mutuwo."

Anatsanzika mwaulemu, kwa Naphiri makamaka. Alamu sanandiyang'ane n'komwe, anangomenyetsa chitseko cha galimoto. A Chimbalanga anatembenuza ng'ombe zawo, ngolo ikulira kokokoko popeza inalibe kanthu, ndipo podutsa pafupi nane anafunsa mokweza kuti aliyense amve, "Ekisipoti yathera pompa, aneba, kapena tidikire sitima ina?"

Mvula inagwa patapita masiku anayi. Chaka chimenecho munda wanga unkadziwika patali, chimanga chachikasu chofika m'mawondo, fodya masamba ngati a therere. Koma zimenezo zinabwera pambuyo. Pa tsikulo ndinatsala pa sitepe paja, jekete lili nyowe, khadi lopanda mutu m'dzanja ili, mutu wake pa chala icho.

Naphiri anapinda nsalu ya patebulo, anatenga mbale yake ya alendo, n'kuima pambali panga. Anasuzumira khadilo mwachifundo, kenako anandifunsa ndi ulemu wonse wa mkazi wolangizidwa bwino:

"Akatswiri, bolopeni ija ikadali ndi inki. Ndikutengereni mumuikire mutu?"

Anzanga, ukatswiri uli ndi malire ngati munda: ukangodumpha mzere, ukulima mwa eni.